Phunziro 6: Phiri la Tebulo ndi Mapiri Athu

Abale athu ambiri amene anapita kukagwira ntchito ku Cape Town, m'dziko la South Africa, amatitumizira zithunzi atayima kutsogolo kwa phiri lalikulu losalala pamwamba. Phirili ndi Table Mountain. Lili m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo kutalika kwake ndi mamita oposa 1,080.

Kodi chinalisalaza ndi chiyani? Akatswiri a miyala amati zaka zoposa mamiliyoni 450 zapitazo madzi ankayala mchenga pamalopo, wina pamwamba pa unzake, monga momwe Shire amasiyira mchenga m'madimba akasefukira. Mchengawo unapanikizana mpaka kusanduka mwala wolimba kwambiri. Mvula ndi mphepo zinaperesa miyala yofewa yozungulira, koma wolimbawo unatsala uli chigonere. Mphepo ikaomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa, mtambo woyera umayala pamwamba pake, ndipo eni dera amati tebulo layalidwa nsalu.

Komatu kukongola kokha sikudyetsa munthu. Mu 1929 anakhazikitsa ngolo zoyenda pa chingwe zokweza alendo. Mu 1998 boma linaika phirili pansi pa chitetezo cha malo osungirako zachilengedwe. Lero alendo ochokera m'maiko ambiri amalipira kuti akwere, ndipo ndalamazo zimafika kwa operekeza alendo, ogulitsa ziboliboli ndi ogwira ntchito m'mahotela, kuphatikizapo Amalawi.

Tibwere kwathu. Ku Mwabvi, kuno ku Nsanje, kuli matanthwe a mwala wa mchenga ndi chigwembe chochititsa kaso, koma ndi angati a ife amene anapitako? Nkhalango ya Matandwe ikutha ndi makala. Tisafulumire kuloza chala wootcha makala, pakuti nthawi zambiri ndi njala imene imamutuma. Komabe phiri lopanda mitengo silisunga madzi, ndipo tonse tikukumbukira madzi osefukira a mu 2015 ndi namondwe Freddy wa mu 2023. Buku la Genesis 2:15 likutikumbutsa kuti munda tinapatsidwa kuti tiulime ndi kuusamala.

Mafunso okambirana mu Mphakati:

1. Kodi phiri la kwanu ndi la yani: boma, mfumu kapena anthu onse? Limapindulira yani?

2. Wootcha makala akasiya lero, mawa adya chiyani? Ife tingamuthandize bwanji?

3. Pa msonkhano wa chitukuko wa m'mudzi, mudzamufunsa chiyani khansala kapena phungu wanu za msewu wopita ku Mwabvi?