NGALAWA YA TIRIGU IMENE INAFIKITSA PAULO KU ITALY

Kuwerenga: Macitidwe a Atumwi 28:11-16

Akristu ambiri adziwa bwino nkhani ya namondwe uja wa masiku 14, ndi ya ngalawa yosweka pa cisumbu ca Malta, cimene Baibulo licha Melita. Adziwa kuti anthu onse 276 anapulumuka, osatayika ndi mmodzi yemwe, ndi kuti njoka inaluma Paulo padzanja pamene anali kuika nkhuni pamoto. Koma mavesi otsatira, osimba ulendo wotsala, ambiri angowadumpha, pakuti muli maina a midzi ndi ciwerengo ca masiku basi. Luka sing'anga anali m'ngalawamo, ndipo analemba monga alembera munthu wapaulendo: kumene anakoceza, masiku amene anagona, ndi tsiku limene mphepo inatembenuka. Midzi imeneyo iripo kufikira lero lino. Ophunzira ambiri aika ulendowu m'zaka za 59 ndi 60.

Masiku aja mudzi wa Roma unali ndi anthu pafupi 1,000,000, ndipo minda ya ku Italy inalephera kuwadyetsa. Tirigu wambiri anacokera ku Egypt, natengedwa m'ngalawa zazikuru za ku Alexandria. Ngalawa zonyamula anthu okha kunalibe; wapaulendo analipira malo pamwamba pa katundu, nadzitengera yekha kamba ndi copfunda. Miyezi yacisanu, kuyambira November kufikira ca m'February kapena March, amarinyero anaopa nyanja, ndipo ngalawa zinakhala m'madooko. Ndico cifukwa cace kenturiyo Yuliyo ndi andende ace anakhala pa Malta miyezi itatu. Potha nyengoyo anapeza ngalawa yina ya ku Alexandria imene inagonera cisanu pomwepo. Kutsogolo kwace kunali cizindikiro ca Castor ndi Pollux, milungu iwiri yamapasa imene amarinyero anaiyesa acinjirizi ao. Mtumwi wa Kristu analowamo ndi unyolo wace, osaopa mafano osemawo.

Dooko loyamba linali Syracuse, pa cisumbu cacikuru ca Sicily, ndipo anagonako masiku atatu. Mudziwu unamangidwa ndi Agriki a ku Korinto ca m'caka ca 734 Kristu asanabadwe, ndipo pa nthawi ya Paulo unali kale mudzi wokalamba. Alendo a lero aona kumeneko bwalo lamasewera losemedwa m'thanthwe la phiri, ndi maenje akuya mokumba miyala, m'mene asilikari zikwi zambiri a ku Athens anatsekeredwa atagonja pa nkhondo ya caka ca 413 Kristu asanabadwe. Cinthu coposa zonsezi ndico chalichi cacikuru ca mudziwo. Amene anacimanga sanagwetse kacisi wakale wa mulungu wamkazi Athena, koma anatseka ndi khoma mipata ya pakati pa nsanamira zace. Nsanamirazo zioneka m'khoma kufikira lero, ndipo pamene ngalawa ya Paulo inakoceza zinali ciimire, zikusenza denga la kacisi wa fano.

Kucokera ku Syracuse analoza kumpoto, phiri lamoto la Etna liri kudzanja lamanzere, nafika ku Rhegium, mudzi umene lero uchedwa Reggio Calabria. Apa Sicily ndi Italy ziyandikizana, ndipo pamalo popapatiza pali makilomita atatu okha. Madzi a m'mpatamo athamangira kumpoto maora asanu ndi limodzi, natembenukira kumwera maora enanso otero, ndipo pokomana apanga zizungulire. Agriki akale ananena kuti m'menemo mukhala zirombo ziwiri, Scylla ndi Charybdis, zomeza ngalawa. Zirombo zinali nthano cabe, koma kuopsa kwa madziwo kunali koona, ndipo mwini ngalawa wanzeru sanalowemo mphepo isanamkomere. Anadikira tsiku limodzi, ndipo mwera unayamba kuomba. Makilomita oposa 300 a kufikira ku Puteoli anawatha m'mawa mwace. Anthu amene miyezi itatu yapitayo anakankhidwa ndi namondwe masabata awiri, osaona dzuwa kapena nyenyezi, tsopano anayenda ngati mbalame.

Puteoli, amene lero ndiye Pozzuoli, ali kumadzulo kwa mudzi wa Naples. Ndiye anali dooko lalikuru la tirigu wa ku Egypt. Seneca, mlangizi wa mfumu Nero, analemba m'kalata yace yina kuti ngalawa za ku Alexandria zikaoneka, anthu a m'mudzimo anathamangira kudooko kukaziona, ndi kuti anazizindikira patali cifukwa izo zokha zinaloledwa kulowa thanga lapamwamba liri lotambasula. Khamulo linadzera cakudya. Wandende wa Ciyuda wotsika pakati pa matumba a tirigu sanali kanthu m'maso mwao. Patapita zaka zowerengeka Myuda wina, Josephus wolemba mbiri, anatsikira pa dooko lomweli, iyenso ngalawa yace itamira panjira. Mwa anthu ngati 600 amene anali nao, ngati 80 anatoledwa ndi ngalawa yina. Apa wowerenga aone kukula kwa cipulumutso ca pa Malta.

Dziko la ku Puteoli liri losakhazikika. Pafupi ndi mudzi pali malo ochedwa Solfatara, pamene nthaka ituruka nthunzi yonunkha sulfure. Pa msika wakale wa Aroma paima nsanamira zitatu zazitali, ndipo pakati pace ziri zobooledwa ndi tinkhono ta m'nyanja, umboni wakuti nthaka inatsika nazimiza m'madzi, nikweranso. Pakati pa 1982 ndi 1984 nthaka inakwera pafupi mamita awiri, nyumba zinang'ambika, ndipo anthu zikwi zambiri anasamutsidwa. Kutsidya kwa nyanja yomweyo kuli phiri la Vesuvius. Paulo analiona liri lobiriwira ndi minda ya mpesa. M'caka ca 79 linaphulika nilikwirira midzi ya Pompeii ndi Herculaneum. Anthu anayamba kufukula Pompeii m'caka ca 1748, napeza miseu, nyumba, ndi mikate yopserera iri m'ng'anjo momwe anaisiya ophika. Josephus asimba kuti mmodzi wa akufa pa tsokalo anali Agripa, mwana wa Felike ndi Drusila, omwe aja amene anamva Paulo alikulalikira ku Kaisareya za ciweruziro cirinkudza.

Koma mau olemera koposa m'mavesi awa ndi akuti ku Puteoli anapezako abale, amene anawaumiriza akhale nao masiku asanu ndi awiri. Paulo anali asanapondeko ku Italy. Nanga Mpingo umenewu anaubzala ndani? Luka sachula dzina la mlaliki ali yense. Codziwika ndi ici: pa tsiku la Pentekoste ku Yerusalemu kunali alendo ocokera ku Roma, Akula ndi Priskila anacokera ku Italy pamene mfumu Claudius anaturutsa Ayuda m'Roma, ndipo ca m'caka ca 57 Paulo analembera kalata Mpingo wa ku Roma umene unali wochuka kale. Ku Puteoli kunali Ayuda okhazikika, ndipo ngalawa za ku Egypt ndi ku Syria zinali kufika caka ndi caka. Kuoneka kuti Uthenga unafika kumeneko m'kamwa mwa amalonda, amarinyero, akapolo ndi anchito, anthu oyenda cifukwa ca njala ndi malonda, amene pofika pacilendo sanabise dzina la Ambuye wao. Maina ao sanalembedwe, ndipo mtumwi wamkuru anadya nsima ya m'manja mwao sabata lathunthu. Yuliyo nayenso ayenera kuyamikidwa, pakuti msilikari wa Roma sanali wokakamizika kulola wandende kucereza kwa abale ace masiku onsewo.

M'masiku asanu ndi awiriwo mbiri inatsogola kunka ku Roma. Ulendo wotsala unali wapamtunda, makilomita oposa 200, ndipo mbali yace yaikuru inatsata mseu wa Via Appia, umene unayamba kumangidwa m'caka ca 312 Kristu asanabadwe. Miyala yace yakuda ioneka m'malo ena kufikira lero. Akristu a ku Roma sanadikire pacipata. Ena anayenda makilomita ngati 64 kufikira ku Bwalo la Apiyo, malo a madambo ndi udzudzu. Ena anaima pa Nyumba za Alendo Zitatu, makilomita ngati 49 kucokera ku Roma. Anacita ici poyera, pamaso pa asilikari, kukacingamira munthu womangidwa amene mlandu wace unali kwa Kaisara. Paulo, amene analimbikitsa anthu 276 pakati pa namondwe, nayenso anasowa womlimbikitsa. Ndipo Luka, amene anali pambali pace, anaona kuti pamene anapenya nkhope za abalewo anayamika Mulungu, mtima wace nukhala pansi.