Mzungu wa m'kanyumba ka malata ku Mutemwa

Mzungu ameneyu anali John Bradburne. Anabadwira ku England mu 1921, nafika ku Rhodesia mu 1962. Sanali wansembe ayi. Anali Mkatolika wotsata moyo wa Fransisko Woyera, wofuna kukhala payekha n'kumapemphera.

Mu 1969 anakhala woyang'anira mudzi wa odwala khate wa Mutemwa, pafupi ndi Mutoko. Ankawasambitsa, kuwatsuka zilonda, kudyetsa amene zala zawo zinatha, ndi kuika maliro awo. Mkangano unabuka ndi bungwe loyendetsa malowo pamene iye anakana kuti odwala avale manambala m'khosi ndi kuti chakudya chawo chichepetsedwe. Anamuchotsa ntchito. Sanapite kutali: anakhala m'kanyumba ka malata kunja kwa mpanda, kopanda madzi, kotentha koopsa m'chilimwe, napitiriza kuwatumikira.

Ndi anthu ena oyandikana nawo sankamwerananso madzi, popeza ankadzudzula poyera olanda za odwala. Popeza m'dzikomo munali nkhondo pa nthawiyo, chidani chotere chinali choopsa kwambiri. Anzake anamuchonderera kuti achoke, iye anakana. Anthu ena anamunamizira kuti ndi kazitape, anamugwira usiku, ndipo pa 5 September 1979 anamuwombera. Manda ake ali ku Chishawasha.

Mu 2019 Mpingo wa Katolika unayamba kufufuza moyo wake kuti uone ngati angatchedwe woyera, ndipo chaka chilichonse mu September anthu zikwizikwi amakapemphera ku Mutemwa.