Timawu tating'ono ta Chingerezi timene timapunthwitsa ku Joni

Mnyamata wochokera kwa Ngokwe kapena kwa Chikweo, m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, akamatsika basi pa Park Station ku Johannesburg amakhala ali kale ndi zilankhulo ziwiri kapena zitatu: Chiyao cha pakhomo, Chichewa cha pamsika wa Ntaja, mwinanso Chilomwe cha agogo. Chingerezi cha kusukulu nachonso ali nacho. Mayina a zinthu amawadziwa, aneni ambiri amawadziwa. Koma sabata yoyamba pantchito amapunthwa pa timawu totsatira mneni, timene aphunzitsi a galamala amatitcha aperekezi: *for, to, at, on, off, after*.

Vutoli lili ndi gwero lake. M'Chichewa timati ndaphika nsima, kenako ndaphikira ana nsima. Kugula kumakhala kugulira, kulemba kumakhala kulembera. Mneni amatalika yekha kuti anene amene tikumuchitira chinthucho, ndipo Chiyao chimachitanso chimodzimodzi. Mneni wa Chingerezi satalika, ntchitoyo amaisiyira kamawu ka pambuyo pake. N'chifukwa chake pofuna kunena kuti tikudikira abwana timati "I am waiting the boss", pomwe eni chilankhulo amati "I am waiting for the boss". Kumvetsera wailesi ndi "listen to the radio". Choncho, abale anga, musaloweze mneni payekha. Mlowezeni pamodzi ndi kamawu kake ngati liwu limodzi: *wait for, listen to, depend on, suffer from, belong to*.

Mneni wovuta kwambiri kwa ogwira ntchito m'nyumba ndi m'munda wa maluwa ndi *look*. Tinene kuti adona akutuluka m'mawa, makiyi a galimoto ali m'manja, n'kunena ali pakhomo kuti "Please look after the dog." Apa akuti mumusamale galuyo, mumupatse chakudya ndi madzi, geti lisakhale lotsegula. Akanati "look for the dog", ndiye kuti galu wasowa, kamufuneni. "Look at the dog" n'kumuyang'ana basi. Wina akakuwa kuti "Look out!" musayambe kusuzumira panja, chokanipo, china chake chikugwa. Mlongo amene akufuna ntchito yolera ana anene kuti "I can look after children". Akati "look for children", womulembayo amva zina.

Pofunsira ntchito pali timawu tingapo tofunika kukhala pamlomo. *Work for* ndi ya munthu kapena kampani yokulembani, *work at* ndi ya malo, *work as* ndi ya ntchito yeniyeniyo: "I worked as a tailor at a shop in Fordsburg." Mumachita *apply for* chinthu chimene mukuchifuna, kaya ntchito kaya chiphaso cha ku Home Affairs, ndipo mumachita *apply to* kampani kapena sukulu. "I asked the manager" n'kuti ndinawafunsa amanijala, koma "I asked for the manager" n'kuti ndinapempha kuti andiitanire amanijala.

Pa ndalama ndi pamene ndichedwepo, chifukwa apa kamawu kamodzi kangathe kukudyerani malipiro a mwezi. "Pay me" ndi ndilipireni ndalama zanga. "Pay for me" n'kupempha kuti wina akulipirireni, monga mu takisi. Mumachita *pay* dalaivala, koma *pay for* tikiti. Nanga ngongole? Kwathu timasiyanitsa bwino kukongola ndi kukongoza, kubwereka ndi kubwereketsa. Chingerezinso chimasiyanitsa: *borrow from* n'kukongola, *lend to* n'kukongoza. Chosokoneza n'chakuti ku South Africa mudzamva anthu ambiri akuti "Borrow me fifty rand", ndipo mumsewu aliyense amamva. Papepala zimenezi musazilole. Ngati mwakongoza mnzanu R2,000 ndipo mukulemberana, palembedwe kuti "I lent R2,000 to" kenako dzina lake, kapena iye alembe kuti "I borrowed R2,000 from" kenako dzina lanu. Mukasinthanitsa, pepala lomwelo lidzachitira umboni kuti wangongole ndinu. Papepala la malipiro yang'ananinso *deducted from*, ndalama zimene adula, ndi *paid into*, akaunti imene alowetsamo.

Palinso *charge*. "Charged for water" ndiye kuti akulipiritsani madzi. "Charged with theft" ndiye kuti akuimbani mlandu wakuba. Apolisi akatchula *charged*, tcherani khutu ku kamawu kotsatira. *Agree with* n'kugwirizana maganizo ndi munthu, pamene *agree to* n'kuvomera kuchita kapena kuchitiridwa chinthu. Pepala likati "I agree to a deduction", mukasaina mwavomera kuti akuduleni. *Sign for* n'kusainira kuti mwalandira katundu, ndiye yambani mwawerenga makatoni cholembera chisanafike papepala.

Ntchito ikatha, mawu ake ndi atatu ndipo safanana. "Laid off", kapena *retrenched* monga amanenera ku South Africa, n'kuchotsedwa chifukwa kampani yachepetsa anthu. "Dismissed for" n'kuchotsedwa pa chifukwa chimene chatchulidwa kutsogoloko. "Resign from" n'kusiya mwakufuna kwanu. Abwana ena ochenjera amakuchotsani pakamwa n'kukupatsani kalata yoti musaine, ili ndi mawu oti "I resign from my position". Imeneyo musasaine ngati simunasiye nokha. Wochotsedwa mopanda chilungamo ali ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a pantchito, koma amene wasaina kuti wasiya yekha mlandu wake umavuta kuyenda.

Vuto lina ndi lotembenuka: kuika kamawu pamene sipafunika. Timati *discuss about*, *request for*, *reach at*, *phone to*, ndipo zina mwa izi mumaziwerenga ngakhale m'makalata a maofesi kumudzi kuno, moti munthu sadziwa kuti n'zolakwika. Zolondola ndi "discuss the matter", "request leave", "reach Durban", "phone my brother". Ukwati nawo: "I married her", kapena "I am married to her", osati *with*. Zimenezi sizingakumangitseni, koma m'kalata yofunsira ntchito zimaoneka.

Za malo ndi nthawi tingodutsamo mwachangu. Ife tili ndi pa, mu ndi ku, ndipo sizilumikizana ndendende ndi *on, in* ndi *at*. Timakhala m'basi, koma Chingerezi chimati "on the bus", "on the train", "on the plane", pomwe galimoto yaing'ono ndi takisi ndi "in the car", "in the taxi". Pamageti a Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge kondakitala akati "Everybody get off", tsikani ndi pasipoti m'manja. Mumachita *arrive in* mzinda kapena dziko, *arrive at* siteshoni, osati *arrive to*. Tsiku ndi *on Monday*, mwezi ndi *in June*, ola ndi *at seven*. Chofunika kusamala nacho ndi *by* ndi *until*. "Pay the rent by Friday" n'kuti Lachisanu lisadutse musanalipire lendi. "You can stay until Friday" n'kuti mukhale mpaka Lachisanu, kenako nyamulani katundu.

Ndiye pali aneni oyenda ndi *up, off, out* ndi *in*, amene tanthauzo lake simungalilote. *Pick up* n'kukatenga, *drop off* n'kukasiya, *run out of* n'kutheredwa chinthu: "We have run out of sugar." Ife kuzimitsa n'kumodzi, koma iwo getsi ndi mbaula yamagetsi amachita *switch off* kapena *turn off*, moto ndi ndudu *put out*. *Put off* n'kuzengereza kapena kusuntha tsiku la msonkhano. Polemba fomu, ku South Africa ndi ku Britain amakonda kunena *fill in*, ku America *fill out*. Kalamulo ka aneni ngati *pick up* ndi *switch off* n'kakuti *him, her, it* ndi *them* amalowa pakati: "Pick up the child", koma "Pick him up", "Switch it off". Mudzamvanso anzanu a ku South Africa akufunsa kuti "Are you coming with?" osamaliza chiganizo. Chimenecho n'chizolowezi chochokera ku Afrikaans. Muyankhe, koma m'kalata musalembe choncho.

Mneni akatsatira kamawu kotere amatenga *-ing*: "Thank you for helping me", "I am good at sewing". Ngakhale potseka kalata ndi "I look forward to hearing from you", osati *to hear*.

Njira yophunzirira siifuna sukulu yamadzulo. Gulani kakope kolowa m'thumba la malaya. Mauthenga a WhatsApp amene abwana amatumiza, zikwangwani za kukiliniki, malisiti otumizira ndalama a Mukuru, zonsezi zadzaza ndi timawu timeneti. Koperani chiganizo chonse monga chalembedwera, n'kulemba mzere kunsi kwa mneni ndi kamawu kake, kenako pangani chiganizo chanu chokhudza ntchito yanu. Atatu kapena anayi pa sabata akwanira. Amene ali ndi data ayang'ane mu Oxford Advanced Learner's Dictionary pa intaneti, imene imaonetsa mneni aliyense ndi timawu take. M'dikishonale yosindikizidwa mukaona *sb* akunena munthu, *sth* akunena chinthu, monga "blame sb for sth". Ndipo lamulo la abwana likakhala losamveka, libwerezeni m'mawu anu musanagwire ntchito: "Do you want me to throw it away or put it away?" Loyambalo n'kutaya kudzala, lachiwirilo n'kusunga m'kabati.