Nkhani ya Munthu Siyoponya pa Gulu la WhatsApp

Inu achinyamata amene mukuphunzira uphungu pa foni, ndimakusirirani. M'masiku athu, wofuna kudziwa za matenda a maganizo ankakwera basi wa ku Zomba, apo ayi mpaka ku Mzuzu kwa a St John of God. Lero muli pakhonde ku Bangwe, ka bandulo ka tsiku limodzi, mwatsitsa kale buku la mhGAP limene bungwe la WHO linatulutsa mu 2010 kuti ngakhale amene si dokotala wa matendawa azitha kuthandiza. Mphunzitsi ali ku Lilongwe, inu mukumumva pa Zoom. Mwayi umenewu musauseweretse. Ndipo maphunzirowo muzitsitsiratu foni idakali ndi moto, magetsi athu mukuwadziwa.

Foniyo ikuphunzitsani mafunso 9 a PHQ-9 oyezera kukhumudwa, ndi mafunso 10 a AUDIT oyezera kamwedwe ka mowa. Alowezeni, kenako foniyo ilowe m'thumba. Palibe mayi wa ku Zingwangwa amene adzakuuzeni kuti akudwala matenda okhumudwa. Adzati mutu ukulemera, tulo sakutiona, akungoganiza kwambiri. Ku Zimbabwe amati kufungisisa, ndipo ndi mawu amenewa amene Dr Dixon Chibanda anagwiritsa ntchito pophunzitsa agogo a pa Friendship Bench ku Harare. Agogowo chida chawo chachikulu ndi khutu. Inu maso akakhala pa galasi la foni, simuona kuti mayiyo wayamba kupotokola nsonga ya chitenje pamene mwatchula bambo a kunyumba.

Za mowa, gwirani ichi. Munthu amene wakhala akumwa kachasu tsiku ndi tsiku musamulamule kuti aleke lero lomwe ali yekha kunyumba. Pasanathe masiku awiri kapena atatu angayambe kunjenjemera, kuona zinthu zoti palibe, ngakhale kugwa ngati wa khunyu, ndipo ena amafa nazo. Ameneyo ndi wa kuchipatala, mumuperekeze ku Gulupu. Chimodzimodzi amene watchula zodzipha: musamusiye yekha n'kumadikira kuti gulu la pa WhatsApp liyankhe.

Gulu lomwelo ndi limene linandigwetsa ine. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023, tinali aphungu ambiri pa gulu limodzi la WhatsApp, tikuphunzitsana. Kunabwera kwa ine mayi wina amene nyumba yake inapita ndi madzi, n'kuyamba kumwa mobisa. Ndinasowa pogwira. Usiku ndinajambula mawu n'kuponya pagulu kuti anzanga andiunikire. Dzina sindinatchule, ndipo ndinkadziona wochenjera. Koma ndinatchula kuti amagulitsa tomato, kuti ali ndi ana amapasa, ndi mpingo umene amaimbako kwaya. Ku Ndirande kuno zimenezo n'chimodzimodzi kupereka chithunzi. Wina pagulupo anamvetsera uthengawo mokweza ali pa chakudya ndi banja lake, mlamu wake n'kuzindikira. Sabata isanathe, nkhani inali itafika pa mjigo.

Chiyambire pamenepo, ndikafuna nzeru ndimaimbira wondiyang'anira mmodzi yekha, ndili pandekha, ndipo ndimachotsa chilichonse cholozera munthu: ntchito, mpingo, chiwerengero cha ana. Foni yanga ili ndi nambala yachinsinsi, chifukwa madzulo adzukulu amaibwereka kuti aonere makatuni. Mafunso oyeza aja sinditumizira munthu pa foni imene amabwerekana ndi mwamuna wake. Ndipo ndisanalembe kanthu ndimayamba ndapempha: "Mayi, mundilola ndilembe izi?"

Kwa mayi uja ndinapita kukapepesa. Anandiyalira mphasa, anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti, "Zachitika, bambo." Timakumanabe pamsika. Amandipatsa moni mwaulemu, amandiikira ndi tomato wa basera, koma kudzakhala pa benchi langa sanabwerenso.