Mbiri yanu ya ngongole: kodi munayamba mwaiona?

Tiyerekeze kuti muli ndi shopu ya nsalu mumsewu wa Malangalanga ku Old Town ndipo mukufuna ngongole yoti mukapikulire katundu ku Dar es Salaam. Mwapita kubanki ndi mapepala onse, ngakhale chikole chilipo. Patatha sabata akukuyankhani kuti sizitheka chifukwa dzina lanu lili ndi banga. Inu mukudabwa, poti ngongole yomwe munatenga zaka zitatu zapitazo munamaliza kubweza kalekale. Kodi bangalo lachokera kuti?

Kuyambira m'chaka cha 2010 dziko lino lili ndi lamulo lotchedwa Credit Reference Bureau Act. Lamuloli limalola makampani apadera kusonkhanitsa mbiri ya anthu okongola ndalama. Makampani odziwika pa ntchitoyi ndi Credit Data CRB ndi TransUnion, ndipo amene amawapatsa chilolezo ndi kuwayang'anira ndi Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, banki yaikulu ija ya ku City Centre. Mabanki ndi mabungwe ena obwereketsa ndalama amatumiza kumeneko mayina a makasitomala awo, ndalama zomwe anatenga, tsiku lomwe anatenga, zomwe zatsala ndiponso ngati akubweza pa nthawi yake. Mukapempha ngongole kwina, wobwereketsayo amayamba wafunsa lipoti limeneli asanakuyankheni.

Kuchokera mu lipotilo mumatuluka nambala imodzi yomwe Azungu amati credit score. Ili ngati malikisi a kusukulu. Wobweza mwezi ndi mwezi osaphonya malikisi ake amakwera. Wochedwachedwa, kapena wokhala ndi ngongole zambiri nthawi imodzi, ake amatsika. Ndiye musaganize kuti kaundulayu ndi wa anthu othawa ngongole okha ayi. Mbiri yabwino imalembedwanso, ndipo ndi imene ingakupatseni mphamvu yokambirana ndi banki za chiwongoladzanja kapena kukula kwa chikole. Za katapila ndi banki mkhonde nthawi zambiri sizifika kumeneko, choncho kukhulupirika kwanu pagulu la amayi anzanu banki siikuona.

Vuto ndi lakuti amene amalemba zonsezi ndi anthu, ndipo anthu amalakwitsa. Taganizirani kuchuluka kwa a Banda, a Phiri ndi a Mwale mu Lilongwe muno. Chiphaso cha unzika chomwe tinayamba kulandira m'chaka cha 2017 chinachepetsa chisokonezo, koma ngongole zakale zinkalembedwa ndi ziphaso zosiyanasiyana: wina pasipoti, wina laisensi yoyendetsera galimoto, wina kalata yovotera. Nkosavuta kuti ngongole ya Banda wina igwere pa Banda inu.

Zolakwika zina zimabwera mwakachetechete. Munamaliza kubweza, koma wobwereketsa sanatumize uthenga woti mwamaliza. Kapena ndinu wogwira ntchito yemwe ngongole imadulidwa kumalipiro: pa payslip ndalama ikuoneka kuti yachotsedwa, koma abwana anu achedwa kuitumiza kwa mwini ngongole, ndipo m'kaundula wochedwayo ndinu. Izi siziona nkhope. Zingagwere mlonda wa ku Area 10 monganso zingagwere mwini nyumba yomwe akulonderayo. Palinso kusainira mbale. Ambirife timachita manyazi kukana mlamu akatipempha kuti timuimire pa ngongole, ndipo tikasaina timaiwala. Iye akasiya kubweza, wobwereketsa amatembenukira kwa ife. Choopsa kuposa zonse ndi chakuti wina atha kugwiritsa ntchito fotokope ya chiphaso chanu kapena simukhadi yolembetsedwa m'dzina lanu n'kutenga ngongole inu osadziwa.

Nanga muchite chiyani? Pemphani lipoti lanu kamodzi pachaka, komanso miyezi iwiri kapena itatu musanapemphe ngongole yaikulu, kuti ngati pali cholakwika mupeze nthawi yochikonza. Funsani ku nthambi ya banki yanu kapena ku SACCO yanu kuti mbiri yanu amaitumiza ku kampani iti komanso momwe mungaipezere. Tengani chiphaso chanu cha unzika. Popeza makampaniwa si amodzi, zomwe zili kwa wina mwina sizingafanane ndi za kwa mnzake, ndiye ndi bwino kuona konse.

Lipotilo likafika, musangoyang'ana malikisi n'kulipinda. Werengani mzere uliwonse. Kodi dzina ndi tsiku lobadwa ndi zanu? Kodi ngongole iliyonse yolembedwapo mukuidziwa? Zomwe munamaliza zalembedwa kuti zinatha? Mukapeza cholakwika, lembani kalata ku kampani yosunga mbiriyo ndi ina kwa amene anakubwereketsani, muikemo mafotokope a malisiti kapena sitetimenti ya kubanki. Uzani wolandira kalatayo adinde kope lanu ndi kulembapo tsiku. Akapanda kukuthandizani, kadandauleni ku ofesi ya Registrar ku Reserve Bank.

Ngati bangalo ndi loona, palibe kalata yomwe ingalifufute. Pitani mukakambirane ndi wobwereketsayo za kabwezedwe komwe mungakwanitse, ndipo tsiku lomwe mwalipira ndalama yomaliza musatuluke muofesimo musanapemphe kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha. Kalatayo isungeni pamodzi ndi mapepala a malo ndi masatifiketi a ana.