Njoka ya masese: ilibe kamwa koma imadya

Anthu a ku Kanyama, Chawama ndi Matero amene amagula nyama ya nkhumba ku Chibolya ayenera kuidziwa njoka yochedwa Taenia solium. Ndi yaphanthi ngati lamba, ndipo imatalika mamita 2 kapena 3. Kamutu kake kali ndi zoyamwira 4 ndi mizere iwiri ya timbedza, zimene imagwirira matumbo. Ilibe maso, kamwa kapena mimba: cakudya imayamwa ndi khungu. Timitsempha ta pakhungupo timaithandiza kumva cimene yakhudza.

Munthu amaitenga akadya nyama ya masese yosapsa. Mazira ake amatuluka m'cimbudzi ca munthu. Akamezedwa amaswa tizilombo timene tingafike ku ubongo ndi kuyambitsa khunyu.

Musagule nyama ya masese. Phikani nyama mpaka ipse, ndipo sambani m'manja mukacoka ku cimbudzi.