Chiwalandireni njinga, amuna anga sagonanso tulo

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala dera la Nsaru. Amuna anga ankachita kabaza wa njinga yamoto. Chaka chatha, akuchokera ku Kabudula usiku, achifwamba anawatchingira panjira, anawatema ndi chikwanje paphewa n'kuwalanda njinga. Bala linapola, koma iwo sali monga kale. Usiku amadzidzimuka akukuwa, thukuta lili kamukamu. Njinga ikalira kumsewu amanjenjemera. Achimwene awo anafuna kuwabwereka ina, anakana. Ayamba kachasu, ndipo mwana akangogwetsa mbale amakalipa. Apongozi akuti analodzedwa, ena akuti ndi ulesi. Nditani?

Mayi wothedwa nzeru, Nsaru

Mwana wanga,

Pepani ndi mtolo umene mwasenzawu. Si ufiti, si ulesi, ndiponso si misala. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi matenda amene achipatala amawatchula kuti PTSD, ogwira munthu amene anapulumuka lokumbakumba kapena kuona zoopsa ndi maso ake. Madokotala a ku America anawapatsa dzinali mu 1980, ataona mmene asilikali obwerako kunkhondo ya ku Vietnam ankavutikira. Choncho amuna anu asadzione ngati amantha.

Munthu akaona imfa pafupi, mtima umathamanga, thupi n'kukonzekera kuthawa. Kwa ambiri zimenezi zimazilala pakapita milungu ingapo. Kwa ena ubongo umapitiriza kukhala tcheru ngati achifwamba aja akadali panjira. N'chifukwa chake amalota zomwezo, amapewa chilichonse chowakumbutsa, ndipo phokoso laling'ono limawadzidzimutsa. Zikapitirira mwezi, mpaka munthu kulephera ntchito, pamafunika chipatala. Kachasu akumwera kufuna tulo, koma mowa umawononga tulo tomweto, vuto n'kukula.

Matendawa amachizika. Chithandizo chachikulu n'kukambirana ndi mlangizi wophunzira za maganizo, kawirikawiri kamodzi pa sabata kwa miyezi iwiri kapena itatu. Amathandiza wodwala kufotokoza za usiku uja pang'onopang'ono ali pamalo otetezeka, n'kumuzoloweretsanso zimene akuthawa: lero kuima pafupi ndi njinga, tsiku lina kuigwira, kenako kukwezedwa masana. Dokotala angawonjezere mankhwala monga fluoxetine, amene amatenga milungu ingapo kuti ayambe kuthandiza. Mapiritsi ogonetsa ogula mwamseri ayi.

Yambirani kuchipatala cha Kabudula kapena cha St Gabriel ku Namitete. Mukafotokoze zonse, osati "mutu ukupweteka" basi, ndipo mukapemphe kuonana ndi wa matenda a maganizo. Akaona kuti n'kofunika akakutumizani ku Bwaila kapena ku St John of God ku Area 43, mumzinda wa Lilongwe. Mungathenso kufunsa nzeru ku Chipatala Cha Pa Foni.

Kunyumba, alankhuleni m'mawa asanamwe. Auzeni kuti mukuona akuvutika ndipo mukufuna mupitire limodzi kuchipatala. Musawakakamize kufotokoza, akayamba okha, mvetserani osawadula. Akadzidzimuka usiku, musawagwire mwadzidzidzi: atchuleni dzina mofatsa, akumbutseni kuti ali m'nyumba mwawo. Apitirize ntchito za kumunda ndi kucheza ndi anzawo. Ana auzeni kuti bambo akudwala, si iwo alakwa. Kwa apongozi tumani ankhoswe, akawauze kuti mapemphero apitirire koma chipatala chisachedwe.

Akayamba kunena zodzipha, chotsani m'nyumba mankhwala ophera tizilombo ndi zingwe, musawasiye okha, ndipo thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Akakumenyani inu kapena ana, matenda si chodzikanira: chokanipo kaye, mukadziwitse ankhoswe ndi apolisi a Victim Support Unit.

Inunso mwatopa. Pezani mayi mnzanu wodalirika womuuza zakukhosi, ndipo achimwene awo aja apempheni akuperekezeni kuchipatala sabata ino.

Azakhali